Asanakhale Bertha wamisala anali Antoinette

Amene anawerengapo Jane Eyre, buku limene Charlotte Brontë anatulutsa mu 1847, amakumbukira kuseka kuja. Jane, mtsikana wamasiye amene wapeza ntchito yophunzitsa mwana m'chinyumba chotchedwa Thornfield Hall, amamva munthu akuseka m'chipinda cham'mwamba, kuseka kopanda chimwemwe. Usiku wina bedi la bwana Rochester likuyaka moto mwini wake ali mtulo. Usiku wina mlendo wabayidwa ndi kulumidwa. Chinsinsi chimadzaululika m'tchalitchi, tsiku la ukwati wa Jane ndi bwanayo: Rochester ali kale ndi mkazi, Bertha Mason wa ku Spanish Town ku Jamaica, ndipo wakhala atam'tsekera m'mwambamo zaka 10, akuyang'aniridwa ndi mayi wina dzina lake Grace Poole.

M'buku lonselo Bertha sapatsidwa mpata wolankhula. Timamuona akukwawa ndi kubangula ngati chilombo, ndipo mbiri yake yonse timaimva kwa mwamuna yemwe anam'tsekerayo. Pomaliza amatentha nyumba n'kudziponya pansi kuchokera padenga. Njira ya Jane yatseguka, wowerenga mtima wakhala pansi.

Wa mlembi wina wamkazi, Jean Rhys, sunakhale pansi. Iye anabadwira ku Roseau pachilumba cha Dominica mu 1890. Bambo ake anali dokotala wochokera ku Wales, mayi ake mzungu wobadwira kuzilumba komweko, mwa anthu amene ankatchedwa Creole. Bertha nayenso anali Creole. Choncho pamene owerenga a ku England ankaona chilombo, Rhys ankaona mtsikana wakwawo, ndipo funso linam'khala pamtima zaka zambiri: munthuyu asanalowe m'chipinda muja anali ndani, nanga anafikamo bwanji? Yankho lake linatuluka mu 1966 m'buku laling'ono lotchedwa Wide Sargasso Sea. Apa n'kuti Rhys ali ndi zaka 76, akukhala movutika m'mudzi wa Cheriton Fitzpaine ku Devon, atakhala osatulutsa buku kuyambira 1939 moti ambiri ankayesa anamwalira. Dzina la bukuli ndi la chigawo cha nyanja ya Atlantic chimene chilibe gombe, chozunguliridwa ndi mafunde okhaokha, chodzaza ndi zomera zoyandama. Chili pakati pa zilumba za kwawo kwa mtsikanayo ndi dziko la mwamuna wake.

Mabuku awiriwa ali m'gulu la nkhani zotchedwa gothic, ndipo kuti timvetse zimene Rhys anachita m'pofunika kudziwa kaye mtundu wa nkhanizi. Dzinali linachokera ku kamangidwe ka matchalitchi ndi malinga akale a ku Ulaya, aja a makoma akuluakulu ndi makonde amdima. Buku loyamba la mtunduwu amati ndi The Castle of Otranto la Horace Walpole, la 1764. Kuyambira pamenepo zipangizo zake sizinasinthe kwambiri: nyumba yaikulu yakale, chitseko chosatsegulidwa, tchimo la makolo lomwe likulondola ana, phokoso la usiku, ndi mtsikana amene alibe kothawira. Koma azimayi atayamba kulemba nkhanizi anazikhotetsa. M'buku la Ann Radcliffe la 1794, The Mysteries of Udolpho, zimene zimaoneka ngati mizukwa zimadzapezeka kuti si mizukwa ayi. Choopsa chenicheni ndi Montoni, mwamuna amene watsekera mkazi wake ndi mtsikana Emily m'linga kuti asayine zikalata zom'patsa malo awo. Mzukwa ndi chophimba chabe, pansi pake pali chikalata ndi kiyi. Katswiri wina wa zolembalemba, Ellen Moers, anadzatcha mwambo umenewu Female Gothic m'ma 1970, kutanthauza nkhani zoopsa zolembedwa ndi akazi, zimene mantha ake amachokera m'nyumba momwemo, mmene dziko limati mkazi ndi wotetezeka.

Rhys anatenga mwambowu n'kuutembenuza. Kwa iye mdima suyambira m'linga lozizira. Umayambira padzuwa, pakati pa maluwa onunkhira kwambiri ndi mitengo yobiriwira mopitirira. Ndipo amene akutiuza nkhani ndi mzukwa uja mwini wake, akadali kamtsikana, dzina lake Antoinette Cosway.

Nkhani ikuyambira pa esiteti ya Coulibri ku Jamaica m'ma 1830. Rhys anasuntha dala nthawi ya nkhaniyi kuti igwere pamene ukapolo wangothetsedwa. Lamulo lothetsa ukapolo m'maiko a Britain linakhazikitsidwa mu 1833 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 1834, ndipo boma linapatula mapaundi 20 miliyoni a chipukuta misozi. Ndalamazo zinapita kwa eni akapolo. Akapolo eni ake sanalandire kanthu, m'malo mwake anakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa mabwana omwewo mpaka 1838. Bambo a Antoinette anali mwini akapolo, chidakwa, ndipo anamwalira n'kusiya umphawi. Mayi ake, Annette, ndi wamasiye wachitsikana wochokera ku Martinique, amene azungu a ku Jamaica samuwerengera ngati mnzawo. Anthu akuda amene dzulo anali akapolo pamalopo ali ndi chifukwa chomveka chodana ndi banjali, ndipo ana awo amanena Antoinette kuti mphemvu yoyera. Ali ngati mleme: kwa mbalame akuti ndi mbewa, kwa mbewa akuti ndi mbalame.

Bala loyamba la mwanayu silikuchokera kwa mwamuna. Likuchokera kwa mayi ake. Annette maganizo ake onse ali pa Pierre, mwana wake wamwamuna wolumala, ndipo Antoinette akafuna kum'sisita pamphumi amangom'kankha modekha, osakalipa. Kukankha kopanda mkwiyo kumeneku kumandipweteka kuposa zambiri za m'bukuli, chifukwa mwana akakalipiridwa amadziwa kuti waonedwa. Amene amamulera kwenikweni ndi Christophine, mayi wachikuda wa ku Martinique, yemwe anaperekedwa kwa Annette ngati mphatso yaukwati m'masiku a ukapolo.

Kenako Annette amakwatiwa ndi Mngelezi wolemera, bambo Mason. Nyumba ikonzedwa, chakudya chibwera, koma Annette akuchonderera mwamuna wake tsiku ndi tsiku kuti achoke pamalopo. Iye amawadziwa anthu a m'deralo. Akudziwa kuti ali osauka ankangosekedwa, koma tsopano alemeranso, chidani chadzuka. Mason amangoseka, amati anthuwa ndi aulesi, sangachite kanthu, mpaka amakamba za kuitanitsa antchito kuchokera kutsidya kwa nyanja wantchito wam'nyumba akumva. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Annette anali asanapenge n'komwe, koma mwamuna wake anali atayamba kale kumumva ngati wodwala mutu. Usiku wina khamu lifika n'kuyatsa nyumba. Pierre apsa ndipo amwalira. Pali chinkhwe cha Annette dzina lake Coco, chimene Mason anachidula mapiko. Chimayesa kuuluka kuchokera pakhonde lam'mwamba nthenga zili moto, n'kugwa pansi chikulira. Wowerenga amene akudziwa mathero a Bertha amazindikira pomwepo kuti akuonetsedwa imfa yake zaka zambiri isanafike.

Usiku womwewo Antoinette aona Tia, mnzake wachikuda amene ankasamba naye padziwe, ndipo amuthamangira poganiza kuti akakhala naye, sachoka ku Coulibri. Tia ali ndi mwala m'manja. Uyu magazi kumaso, uyo misozi, akuyang'anizana ngati munthu ndi kalilole.

Zimene zinachitikira Annette pambuyo pake ndiye msana wa buku lonse. Mayi amene mwana wake wafa chifukwa mwamuna anakana kumva akukuwa, akutukwana, akufuna kupha Mason. Ndi chisoni chosakanikirana ndi mkwiyo, ndipo aliyense amene anakhalapo pamaliro a mwana angachizindikire. Koma Mason amam'gulira nyumba kumudzi, n'kulemba ntchito mwamuna ndi mkazi oti azimusunga, iye n'kumayendayenda. Kumeneko mwamuna womusungayo amam'mwetsa mowa ndi kum'gwiririra, ndipo tsiku lina Antoinette anaona ndi maso ake. Jane Eyre imati misala inali ya m'magazi, mayi wamisala anabala mwana wamisala. Rhys akuvomera kuti mwana anatsata mapazi a mayi ake, koma akuonetsa kuti chimene chinabwerezedwa ndi zochita za amuna awiri osiyana, aliyense ndi nyumba yake ndi womulondera wake.

Mtsikanayu amakulira kusukulu ya masisitere, malo okhawo amene amapezako mpumulo. Atatuluka, ukwati uli kale pokonzeka. Gawo lachiwiri, lomwe ndi lalitali kwambiri, mbali yaikulu akulifotokoza ndi mwamunayo, ndipo Rhys samutchula dzina ngakhale kamodzi. Munthu amene adzalanda mnzake dzina, mlembi wam'mana lake.

Mnyamatayu si chilombo chobadwa nacho, ndipo apa ndi pamene bukuli limaposa nkhani zambiri zonena za nkhanza za amuna. Ndi mwana wachiwiri m'banja lachingelezi mmene chuma chonse chimapita kwa mwana wamwamuna woyamba. Bambo ake am'tumiza ku Jamaica kukakwatira ndalama. Akwatira patangotha mwezi umodzi chifikireni, masabata pafupifupi atatu a mweziwo ali chigonere ndi kutentha thupi. Alandira mapaundi 30,000, ndipo mumtima mwake amadziona ngati iye ndiye wagulidwa. Manyazi amenewo alibe kowatula, poti bambo ake sangawayankhe, choncho amawatulira pa mkazi. Antoinette anali atakana ukwatiwo kutatsala tsiku limodzi, akuti akuopa. Mnyamatayo, poopa kubwerera kwawo atakanidwa ndi mtsikana wa kuzilumba, anamulonjeza mtendere ndi chitetezo.

Za ndalamazi tizione bwino, chifukwa ndi pamene pali khoma lenileni la ndende. M'malamulo a England a nthawiyo munali mfundo yotchedwa coverture. William Blackstone anaifotokoza mu 1765 kuti mwamuna ndi mkazi akakwatirana amakhala munthu mmodzi pamaso pa lamulo, ndipo mkaziyo amaphimbika pansi pa mwamuna. Ndalama zimene mkazi wabwera nazo zinkasanduka za mwamuna. Mabanja olemera ankateteza ana awo aakazi polemba chikalata ukwati usanachitike, chopatula chuma china kuti mwamuna asachikhudze. Richard Mason, mwana wa bambo Mason amene anakonza ukwatiwu, sanalembe chikalata chotero. Mayi wachikulire wa m'banjamo, Cora, anakangana naye kwambiri, ndipo atalephera anangopatsa mtsikanayo mphete zake kuti azibise. Malamulo olola mkazi wokwatiwa kukhala ndi chuma chakechake anadzabwera mu 1870 ndi 1882, ndipo khoti la ku England linadzanena momveka mu 1891 kuti mwamuna alibe ufulu wotsekera mkazi wake m'nyumba. Kwa Antoinette zonsezi zinali kutsogolo kwambiri.

Kwa ife amene tinakulira m'midzi ya chikamwini, pali china chimene chimaoneka msanga apa. Awiriwa akukadyerera ukwati ku Granbois, kanyumba ka kumapiri a ku Dominica komwe kanali ka mayi a Antoinette. Mwamuna ali kwawo kwa mkazi, sadziwa njira, sadziwa chilankhulo cha anthu, antchito onse ndi a mkaziyo. Kwathu ameneyu ndi mkamwini, ndipo akayamba kukula mwendo pali ankhoswe, pali alongo ake a mkazi, eni mbumba. Sindikunena kuti chikamwini chimathetsa nkhanza. Koma ku Granbois mlendoyo ndiye mwini wa zonse kuyambira tsiku laukwati, ndipo amene akanakhala mwini mbumba ndi yemwe anam'pereka mtsikanayo chimanjamanja.

Masabata oyamba pali chilakolako chachikulu, ndipo Antoinette, amene sanakondedwepo, amatsegula mtima wonse. Mwamunayo amavomera mumtima mwake kuti amam'funa koma sam'konda. Malowo amamuopsa, mitundu yake yachuluka, fungo lake lachuluka, ndipo akukhulupirira kuti aliyense akum'bisira chinachake. Ndiye pafika kalata yochokera kwa Daniel Cosway, amene amati ndi mwana wa bambo a Antoinette wobadwa kwa kapolo. Munthuyu ali ndi mkwiyo wake womveka, poti mzunguyo anamukana. Kalatayo ikuti mayi a mtsikanayo anali amisala, banja lonse ndi loipa, ndipo pambuyo pake Daniel amawonjeza za Sandi, wachibale wamakaladi amene Antoinette ankagwirizana naye. Mwamunayo sadabwa. Amamva ngati ankaiyembekezera kalatayo.

Kuyambira apo amayamba kum'tchula Bertha. Mkaziyo amakana, amati si dzina lake, koma iye amapitiriza. Zimaoneka zazing'ono poyerekeza ndi kulanda ndalama, koma Antoinette amaziona bwino, ndipo amamuuza kuti kuitana munthu ndi dzina lina pofuna kum'sandutsa munthu wina ndi ufiti womwewo umene azungu amaneneza anthu akuda. Kuzilumbako mankhwala ndi miyambo yotere amaitcha obeah, ndipo atsamunda anailetsa ku Jamaica kuyambira 1760. Mwamunayo amawerenganso m'buku lina za anthu akufa amene amaoneka amoyo, ndi amoyo amene ali akufa. Ife tili ndi mawu ake: ndondocha. M'zikhulupiriro za kwathu, ndondocha ndi munthu amene wina wam'chotsa pakati pa amoyo, wam'dula lilime, n'kum'bisa m'chipinda kuti mwini nyumba alemere. Palibe chithunzi china chimene chimandifotokozera Bertha Mason bwino kuposa chimenechi. Kusiyana kwake n'kwakuti mwamunayu sanafunikire sing'anga. Zonse anachita masana, lamulo lili kumbali yake.

Antoinette mwini ndiye anapita kukapempha mankhwala. Atathedwa nzeru amakwera hatchi kupita kwa Christophine kukafuna mankhwala achikondi. Christophine amakana poyamba. Malangizo ake ndi achidule: longedza uzipita, mwamuna akaona kuti ukutha kukhala popanda iye ndi pamene amakufuna. Iye mwini anabereka ana atatu, sanakwatiwepo, ndipo ndalama zake amasunga yekha. Mtsikanayo amayankha kuti alibe ndalama, zonse ndi za mwamuna, ndi lamulo lachingelezi. Mayi amene anali kapolo ali ndi ufulu woposa wa mwana wa bwana wake. Pomaliza Christophine amagonja n'kupereka mankhwalawo, atachenjeza kuti pa mzungu sagwira bwino. Mwamunayo adzuka akusanza, akhulupirira kuti wathiridwa poizoni, ndipo kubwezera kwake ndi kugona ndi Amélie, mtsikana wantchito, m'chipinda choyandikana, podziwa kuti khoma ndi lopyapyala ndipo mkazi wake akumva zonse.

Pamenepa Antoinette amasweka. Amamwa mowa, amatukwana, amaluma mwamunayo pamkono. Chimene chikum'pweteka kwambiri, iye akutero, si mtsikana wantchitoyo. Ndi chakuti malo amodzi okha amene ankawakonda padziko lapansi awonongedwa. Ndipo mwamunayo tsopano ali ndi umboni umene ankaufuna. Mkazi woledzera, tsitsi lili nyankhalala, akuluma anthu: dokotala aliyense angavomere. Wowerenga yekha ndi amene waona masitepe onse otsikira pamenepo.

Kukangana kwa Christophine ndi mwamunayo ndi malo amene ndimabwererako kawirikawiri. Mayiyu amamuuza zonse poyera, kuti anakwatira ndalama, kuti akufuna kuphwanya mtsikanayo, kuti zomwezi zinachitikira mayi ake. Kenako amapempha chinthu chanzeru: abweze theka la ndalamazo, am'siye mtsikanayo m'manja mwake, achira ndipo mwina adzakwatiwanso. Mwamunayo anali akumvetsera, koma atamva za ndalama ndi za mwamuna wina amauma. Samufuna mkaziyo, komanso salola kuti wina adzam'tenge. Atulutsa kalata ya majisitireti wina yonena kuti Christophine anamangidwapo chifukwa cha obeah, n'kumuopseza ndi apolisi. Christophine amadziwa kumene mphamvu zake zathera, ndipo amachoka osacheuka. Mboni yomaliza yapita. Mwamunayo amakhala pansi n'kujambula papepala nyumba yachingelezi, ndipo m'chipinda cha nsanjika yachitatu amajambulamo kamunthu kovala siketi.

Bukuli lili ndi malire ake, ndipo si bwino kuwabisa. Chisoni chathu chonse chimakokedwera kwa mwana wa mwini akapolo. Anthu amene anatentha Coulibri timawaona ngati khamu la usiku, zipsera zawo za zaka mazana sitizimva m'kamwa mwawo. Amélie, amene nayenso akugwiritsidwa ntchito ndi bwana, amangodutsa. Akatswiri ngati Kamau Brathwaite wa ku Barbados ndi Gayatri Spivak anafunsa mafunso olimba pa mbali imeneyi, ndipo ndikuona kuti anali ndi mfundo. Rhys anabwezera mawu kwa mkazi mmodzi wotsekeredwa, koma kuseri kwake kuli ena amene akudikirabe. Chimene ndingamuikire kumbuyo n'chakuti sanabise zimenezi. Anasiya Christophine alankhule zoona zoposa za aliyense m'bukumo, ndipo mwala wa Tia sanaufewetse.

Gawo lachitatu ndi lalifupi kwambiri. Tili ku England. Grace Poole akufotokoza kuti akulandira malipiro owirikiza kuti asalankhule, ndipo bambo ndi mkulu wake wa bwanayo anamwalira, chuma chonse chinagwera iye. Ndalama zimene anakwatirira sanazifunikirenso. Kenako mawu a Antoinette abwerera, koma asintha. Ziganizo zaduka, masiku sakulondolozana, za dzulo ndi za ubwana zasakanikirana, monga mmene maganizo a munthu wovulala mumtima amachitira, kubwerera pamalo amodzimodzi osatha kuwadutsa. M'chipindamo mulibe kalilole, ndipo iye sakudziwanso nkhope yake. Sakhulupirira kuti kuno ndi ku England, amati sitima inasochera panyanja, ndipo nyumba yonseyi ndi ya makatoni. Amamva anthu akunena kuti m'nyumbamo muli mzukwa wa mkazi, ndipo nayenso amauopa, osadziwa kuti akunena iye.

Richard Mason amabwera kudzamuona. Antoinette sakumbukira zimene zinachitika, Grace ndiye amamuuza m'mawa mwake kuti anam'lumphira ndi mpeni, ndipo anachita zimenezo pamene mlendoyo ananena kuti mwalamulo sangalowerere pakati pa mwamuna ndi mkazi wake. Mu Jane Eyre chiwembu chimenechi ndi umboni wa uchilombo. Apa tikuona kuti mwa mawu onse amene mlendoyo analankhula, wamisalayo anasankha enieni.

Chimene Antoinette watsala nacho ndi diresi lofiira lochokera kwawo, lomwe likadali ndi fungo la maluwa ndi zonunkhira za kuzilumba. Akaliyang'ana pansi amaona ngati moto ukufalikira m'chipindamo. Usiku umenewo alota loto limene lakhala likumubwerera kuyambira ali mwana, kachitatu tsopano, ndipo ulendo uno lifika kumapeto. Atenga makiyi, ayenda m'nyumba, makandulo agwa, makatani ayaka. Ali padenga, kumwamba kwafiira, ndipo m'menemo akuona moyo wake wonse: maluwa a ku Coulibri, chinkhwe chija chikuitana, mwamuna uja akufuula dzina lomwe si lake. Ayang'ana pansi n'kuona dziwe lija, Tia ali pomwepo akum'kodola. Aitana Tia, alumpha, n'kudzidzimuka.

Grace Poole wagona, waledzera. Antoinette adikira mpaka mkonono umveke, atenga makiyi, atsegula chitseko. Akuti tsopano akudziwa chimene anam'bweretsera kuno ndi chimene ayenera kuchita. Kamphepo ka m'khonde kafuna kuzimitsa kandulo, iye atchinga lawi ndi dzanja, ndipo liyakanso. Rhys analekera pomwepo, mtsikanayo ali chiimire, akuyenda.